Zenera Limene Ndinalanda Amayi Ako

Marieta mwana wanga,

Ndakhala pansi pa msawu kuseri kwa nyumba, chifukwa m'nyumbamo lero mulibe malo a munthu wamwamuna. Azakhali ako ndi amayi a kumpingo adzaza ponseponse, akukupatsa mwambo wa banja, ndipo ine andipirikitsa ngati mbuzi yolowa m'dimba. Sindikudandaula. Iwo ali ndi zawo zokuuza, ine ndili ndi zanga, ndipo zangazo ndaona kuti ndilembe. Ukundidziwa, ndikayamba kulankhula ndimazungulira mpaka womvera aiwale pamene tinayambira. Ubwino wa pepala ndi woti ukatopa nalo ulipinda, n'kudzalitsegulanso mawa uli m'mashimbombo, basi ya ku Beira ija, mutadutsa Changara, misozi itauma.

Nkhani yanga ndi imodzi. M'mawa uno ndapeza kashoti, kabokosi kamatabwa ka mabuku ako, kali kuseri kwa chitseko, patali ndi katundu wopita ku Beira kwa amuna ako a Domingo. Nditakufunsa wandiyankha osandiyang'ana: "Ababa, kumeneko n'chipinda chimodzi basi. Kama, mbaula, njinga ya a Domingo, ndiye apongozi azibweranso kuchipatala mwezi ndi mwezi. Mabukuwo ndikawaika pamutu?" Ndaseka nawe, koma mumtima sindinaseke. Mayeso a desima segunda, omaliza sekondale, atsala miyezi yochepa. Kashotiko kakatsala pano, mayesowo sulemba, ndipo sukulu ya unamwino imene wakhala ukuitchula chiyambire uli wamng'ono idzangokhala nkhani youza ana ako.

Ndiye ndilole ndikuuze za chipinda chimodzi. Ine ndi amayi ako tinakhalamo zaka zinayi, iwe ulimo, ngakhale zambiri sunazione chifukwa maso a mwana amakhala pabwalo. Ndikuuza zimene amayi ako anachita bwino ndi zimene ine ndinalakwitsa. Udzaona wekha mbali imene yatalika.

Nkhondo itatha tinachoka ku Malawi ndi mphasa ziwiri, sutikesi imodzi, ndowa, mapoto ndi mlongo wako Tomé ali kumsana, iwe ukuyenda pambali. Kwathu ku Angonia tinapeza sukulu yanga yakale ilibe denga, mitengo itamera m'makalasi. Ndinauzidwa kuti aphunzitsi akufunika mumzinda, ndiye tinatsikira kuno ku Tete. Aliyense anali kubwerera nthawi imodzi, ndipo nyumba zinali zosowa kuposa mthunzi. Titazungulira masiku angapo tinapeza dependensiya ku Chimadzi, kachipinda kakuseri kwa nyumba ya a Dona Amelia, mayi wamasiye wachinyungwe amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika. Ndikaponda kasanu ndi kawiri ndinkafika kukhoma, chopingasa kasanu. Chitseko chimodzi, zenera limodzi loyang'ana kum'mawa, ndi kabowo ka mpweya pamwamba pa khoma lakumadzulo. Mmenemo ndi mmene anthu anayi ankayenera kugona, kudya, kuvala, kulandira alendo ndi kukangana mosamveka kunja.

Cholakwa changa choyamba ndinachichita ndi choko. Tsiku lolowa ndinatenga chingwe, ndinayeza pansi, n'kugawa chipindacho panayi mofanana, monga ndimagawira bolodi pophunzitsa masamu. M'gawo lililonse ndinalemba dzina ndi zilembo zazikulu: KWARTU pogona, KOZINYA pophikira, SALA pa alendo, ndipo pansi pa zenera ndinalembapo dzina langa. Amayi ako anaima pakhomo akugwedeza mwana, akundiyang'ana mpaka ndinamaliza.

"A Profesori, mwagawa bwino," anatero. "Nanga bwalo la mpira mwaliika pati?"

Ndinati asachite chibwana, iyi ndi ntchito ya nzeru.

"Chabwino. Tagonani m'kwartumo tione."

Ndinagona chagada kuti ndiwaonetse. Mutu unagunda khoma, mapazi anakalowa m'kozinya mpaka kugwetsa chivundikiro cha poto. A Dona Amelia, amene anali atasuzumira kudzaona alendo awo, anaseka mpaka kukhala pansi pakhomo. Pofika madzulo iwe unali utasesa, ndipo nyumba yanga ya zipinda zinayi inathera m'fumbi.

Amayi ako anati tikhale masiku atatu osakhomera msomali ngakhale umodzi. Tione pamene dzuwa limagwa m'mawa, kumene utsi umathawira, mbali imene chitseko chimatsegukira, ndi njira imene mapazi athu amakonda okha. Pa tsiku lachitatu njirayo inali itaoneka pasimenti, kuchoka pakhomo kupita pamtsuko, kuchoka pamtsuko kupita pamene mwana ankagona. Iwo anaika zinthu m'mbali mwa njirayo, osati pakati pake. Marieta, ukafika ku Beira usathamangire kukonza. A Domingo akhala m'chipindacho zaka ziwiri ali okha, ndipo zinthu zili pamene zili chifukwa palibe anafunsapo. Tenga masiku ako atatu. Chipinda sichigawidwa ndi chingwe, chimagawidwa poyang'ana mmene anthu akukhalira.

Cholakwa chachiwiri chinabwera ndi manyazi. Aphunzitsi anzanga anayamba kudzandichezera, ndipo zinkandipweteka kuti mlendo akakhala pampando akuona kama wathu, neti ya udzudzu ndi zovala za mkazi wanga. Mnzanga wina posamukira ku Moatize anandisiyira kabati yaikulu ya zovala, yamatabwa akuda, yotsala m'nyumba ya Mpwitikizi. Tinainyamula anthu anayi. Ndinaiimika pakati pa chipinda chopingasa, ndipo ndinanyada kwambiri: tsopano ndili ndi khoma lenileni. Chimene sindinaganize n'chakuti mphepo yonse ya m'chipindamo inkalowa pazenera n'kutulukira pa kabowo kaja, ndipo ine ndinaitsekera njira. Inali nyengo ija mvula isanagwe, pamene ngakhale agalu a mu Tete amasiya kuuwa. Kuseri kwa kabatiyo kunali ngati mu uvuni wa buledi. Tomé anatuluka timatuza thupi lonse, ndipo iwe unkadzuka tsitsi lili chonyowa. Ine ndinkati tipirire, ulemu uli ndi mtengo wake.

Patatha mlungu ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza kabati ili kukhoma. Amayi ako ndi a Dona Amelia anaikankha awiriwiri, ataika zikopa za nthochi pansi pa miyendo yake kuti iterereke. M'malo mwake munali waya womangidwa kuchoka kukhoma kufika kukhoma, ndi makapulana atatu, zitenje za amayi ako, atapachikidwa. Ndinafuna kukwiya, koma kamphepo kanandiomba kumaso ndisanatsegule pakamwa.

Ndikufotokozere bwino mmene anachitira, chifukwa umu ndi mmene muli luso, ndipo ine mphunzitsi ndinaphunzira nditaimirira. Wayayo sanamumange kudenga. Anamumanga pamene pamafika dzanja la munthu wamkulu atalikweza, kuti pamwamba patsale mpata wotulukira mpweya wotentha. Nsaluzo sizinkafika pansi, zinkalekera chikhatho chimodzi, kuti mphepo idutse ndiponso tsache lilowe. M'mphepete mwa nsalu anasokamo timphete ta waya, kotero kuti m'mawa ankangozikokera mbali imodzi, chipinda n'kukhalanso chachikulu. Dzuwa likafika paliwombo ankaviika nsalu yapakati m'madzi, kuifinya, n'kuipachikanso. Mphepo yodutsamo inkatuluka yozizira ngati ya kumtsinje. Amayi ena a m'dera lathu anayamba kubwera kudzaona, ndipo mkati mwa chaka nyumba zingapo ku Chimadzi zinali ndi waya wa amake Marieta. Khoma labwino m'chipinda chimodzi, mwana wanga, ndi limene limabisa maso koma osatseka mpweya, ndipo limadziwa kuchoka likafunika kuchoka. Usagule chinthu chachikulu chifukwa cha manyazi. Alendo amapita kwawo, wotsala ndi kutenthako ndiwe.

Panalinso china chimene amayi ako anachidziwa, chimene m'mabuku anga munalibe. Malo akachepa, umagawa nthawi. Pakati pa chipinda paja, pamene pankakwana mphasa imodzi, panali nyumba zinayi pa tsiku. M'mawa mphasa zinkapindidwa n'kuimikidwa pangodya, pamenepo n'kukhala posita ndi povalira. Masana mphasa imodzi inkayalidwa, ndiye podyera. Tikadya ankaikutumula kunja, kuitembenuza, ndipo iwe unkagona chafufumimba kulemba ntchito ya kusukulu. Dzuwa likalowa nsalu zinkakokedwa, pamenepo n'kukhala pogona pako. Kuphika sikunalowe m'nyumba ngakhale tsiku limodzi: anapempha lata lakale kwa a Dona Amelia, nalitsamiritsa kukhoma lakunja, mbaula n'kukhala pansi pake. Zimene sizinakwane pansi zinakwera kukhoma. Mapoto pamisomali, nsapato m'thumba lopachika, ufa m'chitini pamwamba pa njerwa. Ankati chinthu chilichonse chikhale ndi kwawo, ndipo chikamaliza ntchito chibwerere kwawo. Chipinda chaching'ono sichikhululuka. Kapu imodzi yosiyidwa pansi imaoneka ngati nyumba yonse yasokonekera.

Kaya ukukumbuka kathumba kako? Anakasoka ndi nsalu yotsala, n'kukakhomera pangodya pa msinkhu wako. Munkakhala pensulo, timiyala tako ta phada ndi mwana wako wa chitsononkho. Lamulo linali lakuti palibe wopisamo dzanja, ngakhale ine. Tsiku lina ndinafuna pensuloyo, ndipo amayi ako anandigwira mkono. "Kapempheni kwa mwini nyumba," anatero. Ndinakakupeza pabwalo ukusewera, ndinapempha, ndipo unandibwereka ndi nkhope ya mwini sitolo, n'kundichenjeza kuti ndisaisongole kwambiri. Anthu anayi m'kachipinda kamodzi, koma mwana wa zaka zisanu ndi zinayi anali ndi malo amene bambo ake ankapempha polowa. Mpaka lero ndikaganiza zimenezo ndimawavulira chipewa amayi ako.

Cholakwa chachitatu ndi chimene chikukhudza iwe ndi apongozi ako, ndiye tchera khutu. Chaka chachiwiri agogo ako, amayi a amayi ako, anatsika kuchokera ku Tsangano kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo anauzidwa kuti akhale miyezi iwiri. Ukudziwa mwambo wa kwathu. Mkamwini sadya pamaso pa apongozi ake, sawaona atagona, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kumudzi n'zosavuta, mabwalo ndi aakulu. Nanga m'chipinda cha mapazi asanu ndi awiri? Ine ndinati ndizikagona kusukulu pamabenchi. Amayi ako anakana. Anatenga kapulana yawo ya kutchalitchi, yokhayo yabwino imene anali nayo, n'kutchinga ngodya ya kumbali ya chitseko, kuti agogo azituluka osadutsa pa ife. Anachita zimenezi agogowo asanafike. Kenako anatikhazika pansi tonse n'kunena lamulo: nsalu iyi ndi chitseko. Aliyense wofika apa anene odi, ndipo adikire kuyankhidwa. Ngakhale a Dona Amelia, amene anali eni nyumba, ankaima pa nsalupo n'kunena "dalisensa", odi wa Chipwitikizi, mwaulemu wonse.

Zinayenda. Ine ndi apongozi anga tinkapatsana moni m'mawa uliwonse, kufunsana za maso ndi za mvula ya kumapiri, pakati pathu pali nsalu ya maluwa achikasu, osaonana. Chakudya chawo chinkalowa kuseri, changa chinkakhala kuno. Milungu iwiri inatha bwino. Tsiku lina masana ndinabwerera mothamanga kudzatenga kaundula wa mayina amene ndinamuiwala, ndipo ndinakumbuka kuti m'mawa ndinamusiya pashelefu ya pangodya ija. Odi anali pakamwa, koma ndinati, aa, ndi kamphindi chabe. Ndinakweza nsalu. Agogo ako anali atakhala pamphasa, atavula duku, nsalu ya pachifuwa ataimasula chifukwa cha kutentha, akudya masawu. Anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Ine ndinagwetsa nsaluyo n'kutuluka wopanda kaundula.

Pofika madzulo anali atamanga mtolo wawo, akuti mawa abwerera ku Tsangano, mankhwala asanathe. Ndinakokera amayi ako kuseri kwa nyumba.

"Amake Marieta, akuluwa akukulitsa nkhani. Ndi nsalu chabe ija."

"Ndi nsalu kwa inu amene muli ndi sukulu yopitako ndi msewu woyendamo," anandiyankha. "Kwa iwo ndi nyumba yonse imene ali nayo mumzinda muno. Mwawagwetsera khoma."

Ndinapita kumsika, ndinabwera ndi nkhuku. Ndinakhala pansi kunja kwa nsalu ija, n'kuomba m'manja, ndipo amayi ako ananyamula mawu anga kupita nawo kuseri, ngakhale kuti tonse tinkamvana kupuma. Kenako ndinamva mawu a agogo ako: "Auzeni apongozi kuti nkhuku ndalandira. Auzeninso kuti chodwala ndi maso, makutu ali bwino. Odi ndimamumva." Anamasula mtolo, anamaliza mankhwala, ndipo anabwerera kwawo akutha kulowetsa ulusi pasingano.

Ndiye amayi a a Domingo akamabwera, pachika nsalu yawo asanafike, kuti aipeze ngati malo owakonzera, asaione ngati mpanda wowathawa. Ndipo lamulo la odi uyambe ndiwe kulisunga. Nsalu imakhala khoma pokhapokha anthu akagwirizana kuiona ngati khoma. Tsiku limene mmodzi adzati "ndi nsalu chabe," nonse mwatsala pabwalo.

Tsopano ndifike pa cholakwa chachikulu, chimene chandikhazika pansi pa mtengo uno. Tili ku Malawi, amayi ako ankathandiza pa kachipatala ka ife othawa nkhondo. Ankayeza ana pasikelo, kulemba makadi, ndipo azamba akachepa ankaitanidwa kukakhala ndi mayi wobereka. Anali ndi dzanja labwino ndi mawu okhazika mtima pansi. Amayi ambiri ululu ukayamba ankati, "Tiitanireni Nagama uja." Titabwerera kuno kunamveka kuti kukutsegulidwa maphunziro a uzamba, chifukwa zipatala zinkamangidwanso koma ogwiramo anali ochepa. Chofunika chinali kukhoza mayeso olowera, Chipwitikizi ndi masamu. Amayi ako anasiyira sukulu panjira nkhondo itafika kwathu, koma mutu wawo unali wakuthwa kuposa wa ana ambiri amene ndawaphunzitsa. A Dona Amelia anawapatsa mabuku atatu otsala a mwana wawo, ndipo ine ndinawabweretsera kope latsopano.

Ndinasangalala, ndinawalimbikitsa, ndinadzitama nazo ngakhale kwa anzanga kusukulu. Koma m'chipinda monsemo malo owala bwino anali amodzi, pansi pa zenera, ndipo pamenepo panali meza yanga, tebulo lolemberapo. Ndinaiika tsiku loyamba osafunsa munthu, chifukwa ndine mphunzitsi, ndipo mphunzitsi amachonga makope. Choko chinafufutika, nsalu zinasinthidwa kangapo, koma meza ija sinasunthe. Pamwamba pake pankakhala milu ya makope a ana, kalasi ndi kalasi, ndipo ndinaletsa aliyense kuikhudza kuti isasokonezeke.

Tamvera ulendo wa mabuku atatu aja. M'mawa ankakhala pakama. Nthawi yogona ikakwana ankasamukira pasutikesi. Wina akafuna chovala m'sutikesimo, ankatsikira pansi pafupi ndi mtsuko. Tsiku lina mtsuko unadontha, ndipo buku la masamu linafufuma ngati chitumbuwa. Amayi ako analiyanika padenga, mphepo n'kutenga masamba angapo kupita nawo kwa anansi. Atatero anawakweza onse pamwamba pa kabati kuti atetezeke, ndipo kumeneko anatetezekadi. Kuti uwatsitse unkayenera kuvundikira ndowa n'kukwerapo, ndipo munthu amene wangomaliza kutunga, kuchapa, kuphika ndi kugoneka mwana sakhala ndi mtima wokwera pandowa. Poyamba ankawatsitsa tsiku lililonse. Kenako Lamlungu lokha. Akawatsitsa ankawerengera pakhomo, buku lili pabondo, ndipo munthu wokhala pakhomo ndi wa aliyense: wodutsa apereka moni, mnansi abwereka mchere, mwana agwa. Nthawi yonseyo ine ndinali kusukulu kuyambira m'mawa mpaka masana, meza ili yopanda munthu, dzuwa likuwalira makope a ana a eni.

Tsiku la mayeso linafika n'kudutsa. Ine ndinazindikira patapita milungu iwiri. Nditafunsa anangoti, "Chaka chamawa." Chaka chamawacho chinabwera ndi zake, chinacho chimodzimodzi. Pamene tinkasamukira m'nyumba ino ya ku Mpadue ndinakwera kukatsitsa za pamwamba pa kabati. Mabuku ndinawapeza chiswe chitaboola pakati. Kope linali bwinobwino. Masamba oyamba anali odzaza ndi zilembo zaudongo, mawu a Chipwitikizi mbali ino, tanthauzo lake mbali inayo, ndipo pena anadzichonga okha ndi kudzilembera "bwino". Kuyambira pakati mpaka kumapeto linali loyera. Ndinakhala pandowa paja nthawi yaitali.

Palibe anawaletsa amayi ako. Ndikufuna umvetse bwino pamenepa, chifukwa iwe ukuganiza kuti choopsa ndi mwamuna woletsa, ndipo poti a Domingo saletsa, ukuti zonse zili bwino, mabuku udzawatenga mukadzapeza nyumba yaikulu. Ifenso nyumba yaikulu tinaipeza, ndi ino. Chinthu chimene chilibe malo ake m'nyumba chimafa chokha, popanda wochipha. Mapoto anali ndi misomali yawo, ndiye tinkadya. Agogo ako anali ndi ngodya yawo, ndiye anachira. Makope anga anali ndi zenera, ndiye ndinakwezedwa pantchito. Mkazi amene anapezera aliyense malo m'kachipinda kaja sanadzisiyire ake, ndipo ine amene ndinkagona pambali pake sindinaone.

A Domingo ndi munthu wabwino. Ndawaona mmene amamvetsera ukamalankhula, ndipo anabwera okha kudzandifunsa chimene angagule kuti ukafike bwino. Koma nanenso ndinali munthu wabwino, mwana wanga. Mwamuna wabwino amatha kukhala zaka zinayi pazenera osadziwa kuti walilanda. Ndiye uwauze, ndipo uwauze masiku oyambirira, kama asanazolowere pamene ali. Usanene ngati wopempha chifundo, usanenenso ngati woyamba ndewu. Ungoti, "Pano ndi powerengera panga kufikira mayeso." Kama akhale kukhoma lamdima, tulo sitifuna dzuwa. Njinga ikwere pamisomali iwiri yolimba, pansi pake padzakwana ndowa. Meza ikasowa, thabwa limodzi lokhomedwa pansi pa zenera ndi meza. Kashoti kako kakagonekedwa chammbali ndi shelefu, ndipo pamwamba pake ndi pokhala. Ukaike panjerwa, chifukwa ku Beira pansi pamachita chinyezi, sikuli ngati kuno. Chachikulu n'chakuti buku lizikhala lotsegula pamene unalekezera, kuti ukapeza kanthawi kochepa mphika uli pamoto, ungokhala pansi n'kupitiriza. Pathabwapo pasakwere mbale, pasakwere wailesi, pasakwere chipewa cha mlendo. Ukalola mbale imodzi lero, mwezi wamawa padzakhala pa mbale.

Usaope kuti apongozi ako adzati mtengwa uyu ndi wonyada. Mayi amene amayenda ulendo wautali mwezi uliwonse kukaima pamzere wa kuchipatala amadziwa kufunika kwa namwino kuposa ine ndi iwe. Ukawalemekeza pa nsalu yawo, adzakulemekeza pa thabwa lako. Mwinanso ndi iwo amene azidzathamangitsa anansi pakhomo kuti mwana akuwerenga.

Ndinafuna kulekera pamenepa, koma amayi ako atuluka kudzatunga madzi padiramu ndipo andipeza.

"A Profesori, mukulemba buku?"

Ndawauza kuti ndi kalata ya mwana. Apukuta manja, atenga mapepala, awerenga ataimirira. Pa nkhani ya choko aseka. Pa ya agogo ako apukusa mutu. Atafika pa zenera abwereza kuwerenga kawiri, ndipo ine ndimangoyang'ana mbuzi za anansi. Zaka zonsezi nkhaniyi sitinaikambepo.

"Mwalemba zoona," atero pomaliza, "koma mwandikometsa kwambiri. Mwana adzayesa ndinali mngelo, n'kufuna kutengera. Lembani kuti ndinakwiya. Ndinakukwiyirani zaka zitatu, madzi osamba ndinkakupatsani ndili wokwiya. Mukapita kusukulu ndinkaima pa meza ija, manja m'chiuno, n'kumati lero ndichotsa makopewa. Tsiku lililonse ndinkatero, ndipo sindinachotse."

Ndawafunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Ndinkadikira kuti muone nokha."

"Nanga ndikanamva?"

"Mukanamva. Ndi chimene chimandipweteka. Mukanang'ung'udza masiku awiri, lachitatu mukanakhoma thabwa nokha n'kumauza anzanu kuti nzeruyo ndi yanu." Anyamula ndowa yawo, n'kutembenukanso. "Muuzeni asadikire kuonedwa. Anene."

Ndalemba monga anenera, sindinachotsepo liwu. Alowa m'nyumba, ndipo pamene ndikulemba mzere uno ndikumva chinthu cholemera chikukwekwerezedwa pasimenti kupita kumene kuli katundu wa ulendo. Azakhali ako akufunsa ngati muli miyala, ndipo amayi ako awayankha kuti asunthe miyendo. Ndiye kashotiko kakwera mashimbombo mawa, ufune usafune, ndipo ine sindikulangiza kuti ulimbane nawo amayi ako lero. Kukafikitsa ku Beira ndi ntchito yawo. Kukatsegula ndi kukapezera malo owala ndi ntchito yako, ndipo imeneyo palibe angakugwirire.

Pita bwino, mwana wanga. Mulungu akusungeni nonse awiri m'chipinda chanucho.

Ine bambo ako,
Zakaria